Nanga amisiri ake ali kuti?

Ine nchito ya mawaya sindinayambire m'kalasi ayi, ndinayambira pa phewa. Ndili ndi zaka 16 bambo wina wa ku Kapata amene anali kuika malaiti m'nyumba za anthu anandipeza ndikungozungulira pa Saturday Market, nkundiuza kuti iwe m'malo motha nsapato chabe tiye uzindinyamulira chikwama. Basi, inali intavyu yonse imeneyo. Zaka zitatu ndinali kanyamata ka chikwama, kugwira makwerero, kutema khoma kuti mapaipi alowe, kutumidwa kukagula tepi, kukalipiridwa ndikasokoneza waya wa 1.5 ndi wa 2.5, masana kudya banzi ndi maheu pansi pa mtengo wa mango. Mmene ndinkapita ku kosi kukatenga pepala, manja anali atadziwa kale zonse, mutu ndi umene unali kutsatira pambuyo.

Ndayamba ndi zimenezi dala. Amisiri ambiri amene mumawaona muno mu Chipata, a malaiti, a sola, a mapampu a pa mijigo, mukawafunsa bwino adzakuuzani nkhani yofanana ndi yanga, kuti kunali munthu wina amene anati tiye. Nanenso pa zaka zoposa 20 zimene ndakhala ndikugwira pandekha, anyamata amene anyamulapo chikwama changa amapitirira khumi. Wina ali ku migodi ku Solwezi, awiri ali ndi mashopu awo, wina analowa kampani yaikulu ndipo akandiona amaimitsa galimoto nkundipatsa moni mwaulemu. Mtsikana ndinali ndisanatengepo ngakhale m'modzi. Palibe anandiletsa, palibe lamulo linanena, sindinaganizepo chabe, ngati mmene munthu suganizira zoti mbuzi ingakoke ngolo.

Ndiye kunabwera mwana wa mlongo wanga.

Mlongo wanga amakhala kumudzi chakufupi ndi Chadiza, amalima chimanga, nshawa ndi soya. Mwana wake wachiwiri, mtsikana, anamaliza giredi 12 atakhoza bwino masamu ndi sayansi koma ndalama zopitira ku UNZA kunalibe, anakhala pakhomo chaka chathunthu akugulitsa zitumbuwa. Mu 2022 boma litakweza CDF, ndalama zija za chitukuko cha m'madera, kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, mbali ina nkukhala ya mabasale a maphunziro a nchito zamanja, mwana uja anakatenga fomu yekha nkulemba kuti akufuna zamagetsi. Amai ake atamva anakwera njinga ya kabaza mpaka pamsewu, nkukwera minibasi, kubwera kwa ine. Kwathu kwa Achewa mukudziwa, mwana wa mlongo wako ndi wako, malume ndiye mwini mbumba. Anati alongo, lankhulani naye mwana wanu, anzake akulemba zosoka ndi zophika, iye akufuna kukakwera mapolo ngati nyani, adzakwatiwa ndi ndani?

Ndipo ine, ine amene ndadya za mawaya moyo wanga wonse, ndinakhala mbali ya amai ake. Ndinamuitana, anagwada apo pakhomo, ndinayamba kumuuza kuti magetsi sacheza, magetsi amapha, ndaonapo munthu atauma pamwamba pa polo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anayankha motsitsa mawu, maso ali pansi, ati "amalume, nanga inu simunafe bwanji?"

Ndinalibe yankho. Ndinangoti chabwino pita ukaone wekha.

Anapita ku koleji ina yolembetsedwa ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a nchito zamanja, kalasi yonse atsikana anali atatu. Za m'kalasi zinayenda bwino, vuto linayamba itakwana nthawi ya atachimenti. Aliyense amapatsidwa kalata kuti akadzipezere malo. Anyamata ambiri sanavutike, uyu ali ndi msuweni, uyu atate ake amamwa limodzi ndi kapitao wina, uyu anali kale kanyamata ka chikwama. Iye anayenda ndi kalata ija mpaka inayamba kung'ambika mopinda muja. Pamalo ena anamuuza kuti pano tilibe chimbudzi cha azimai. Pena anati tikhoza kukutenga koma uzikhala mu ofesi kulemba marisiti. Kapitao wina, sindimutchula, anati nkhani ngati izi sitikambira pano, ubwere madzulo pa loji yakuti tikakambirane bwino. Anandiuza zimenezi patapita miyezi, osati tsiku lomwelo, chifukwa ankadziwa kuti ndikanapita kukachita zopusa.

Kwa ine anabwera pomaliza penipeni, ndipo ndinamukana. Ndinati nchito zachepa. Linali bodza. Chimene ndinkaopa chinali chakuti nchito zambiri zimatitengera kutali, Vubwi, Mambwe, Lundazi, timagona m'nyumba yosatha kumanga kapena m'kalasi pa sukulu, amuna okhaokha pa mphasa imodzi, ndiye mtsikana ndimuika pati? Anthu adzati chiyani? Nanga makasitomala? Anakachitira atachimenti ija kwa mzimai wina amene ali ndi shopu ya zamagetsi m'tauni, kugulitsa masoketi ndi mababu, waya osaugwira ngakhale tsiku limodzi.

Chimene chinandisintha si mtima wabwino, ndisakunamizeni. Ndi chilala.

Nonse mukukumbukira 2024. Mvula inadula pakati, chimanga chinauma chili ndi ngaiyaye, pa 29 February a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Magetsi athu ambiri muno mu Zambia amachokera ku madzi, Kariba ndi Kafue Gorge makamaka, ndiye madzi atatsika ku Kariba malaiti anayamba kupita maola 8, kenako 12, pofika chakumapeto kwa chaka tinali kukhala mpaka maola 21 mumdima. Malaiti ankabwera pakati pa usiku ngati mfiti, azimai kudzuka pa 02 awazi kusita mayunifomu ndi kutchaja mafoni. A mabutchala nyama kuwola, a saluni kungokhala, owotcherera mageti kugona pa shopu kudikira. Aliyense amene anali ndi kandalama anafuna sola, ndipo anaifuna dzulo. Foni yanga inkalira mpaka kutentha. Pa mwezi umodzi anyamata anga awiri anandithawa kukayamba zawo, sindiwada, nanenso ndikanatero. Ndinatsala ndi kamnyamata kamodzi kamene sikadziwa kusiyanitsa siliyizi ndi paralelo, njira ziwiri zolumikizira mapanelo kapena mabatire. Akazi anga ndi amene anati kodi inu, mwana ali ndi pepala akungogulitsa mababu uko, mukudikira kuti mngelo atsike?

Tsiku loyamba tinapita ku Kalongwezi, nyumba yaikulu ya mpanda. Ine ndinatsalira pa geti ndikuyankha foni, iye analowa ndi chikwama atavala ovolosi. Bambo wa nyumbayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi nkufunsa, "nanga amisiri ake ali kuti?" Nditalowa anandipatsa mpando, nkuuza mwana uja kuti pita kukhitchini ukathandize amai kubweretsa tiyi. Anapita. Ndipo ndikuuzeni, kupita kukhitchini kumeneko ndi kumene kunapulumutsa nchito ija.

Mwaona, sola siyamba ndi mapanelo, imayamba ndi kuwerengera. Uyenera kudziwa kuti m'nyumbamo muli zinthu zanji, chilichonse chimadya mawatsi angati, chimayaka maola angati, ndiye upeze kukula kwa mabatire ndi inveta, kabokosi kamene kamasandutsa moto wa m'mabatire kukhala wa m'nyumba. Ine chizolowezi changa zaka zonsezi chinali kukhala pa sitingirumu ndi bambo, iye nkumati aaa ife ndi TV chabe, malaiti, furiji imodzi ndi kutchaja mafoni. Ndimalemba, ndimapereka mtengo, timagwirizana. Pakapita sabata foni, amisiri chinthu chanu chikungolira nkuzima, mwatigulitsa feki. Tsiku limenelo mwana uja anatuluka kukhitchini ndi thireyi ya tiyi, ndipo m'thumba la ovolosi munali kapepala. Amai a m'nyumbamo anali atamuonetsa dipufiriza yachiwiri kuseri, imene amaumitsira mafirizitsi ndi nkhuku zogulitsa, ketulo ya mawatsi 2000, ayironi, ndi kapampu kokwezera madzi mu thanki. Bambo uja za dipufiriza ankadziwa ndithu koma sanaiwerengere, poti si iye amaitsegula. Inveta imene ndinali nditalemba ikanazima tsiku loyamba lomwe. Mwana uja anafotokoza bwinobwino kuti furiji ndi pampu zikamayamba kuzungulira zimakoka moto wambiri kuposa umene walembedwa pa chikwangwani chake, ndiye pafunika kusiya mpata, ndipo ketulo ndi ayironi ndi bwino zikhale pa laini yake yosalowa ku mabatire. Bambo uja anangoti oho. Kwa ine sanayang'anenso kwambiri.

Sindikunena kuti mkazi amabadwa ndi nzeru za khitchini ayi, musandimve molakwa. Ndikunena kuti ine zaka 20 ndinali kufunsa munthu wolakwika, ndipo khomo limene iye analowa mosavuta ine sindikanalowa, mwamuna wachilendo sungangolowa kukhitchini kwa mkazi wa mwini nkuyamba kutsegula mafiriji.

Za mphamvu ndiye musandiuze nkomwe, chifukwa ndi nyimbo imene nanenso ndinkaimba. Panelo yaikulu ija ya mawatsi 550 imalemera makilo osafika 30, ndipo palibe mmisiri wanzeru amaikweza padenga yekha, mphepo ikaiomba upita nayo pansi. Batire ya jelo ya 200Ah timanyamula awiri, amuna amene. Pamene mwana uyu kuyambira ali ndi zaka 10 wakhala akusenza chigubu cha malita 20 pamutu kuchokera ku mjigo, amenewo ndi makilo 20, kawiri katatu pa tsiku, kuonjezapo mtolo wa nkhuni wochokera kuphiri. Pa zimenezo palibe ananenapo kuti ndi nchito yolemetsa kwa mtsikana.

Ndipo apa ndi pamene pamandiwawa ndikaganiza. Moto wa m'dziko muno, uja weniweni umene umaphika nsima ya anthu ambiri, uli kale m'manja mwa azimai. Ndani amatola nkhuni? Ndani amakoleza mbaula m'mamawa, amapuma utsi mpaka maso kufiira? Pitani ku Mchini kapena ku Navutika madzulo muone amene akhala m'mbali mwa njira ndi timapulasitiki ta malasha. Amuna amabwera ndi matumba akuluakulu pa njinga kuchokera kumidzi, kapena pa malole, ndalama yaikulu ili pamenepo, mzimai amagula thumba limodzi nkumagawa timiyulu kuti apeze ya ndiwo. Moto ukakhala wa utsi ndi wopanda malipiro ndi wa amai. Ukangolowa mu waya nkukhala ndi salale ndi penshoni ya NAPSA, wasanduka wa abambo.

Tsopano nchito za magetsi zikubwera kumidzi, zimenezo tikuziona ndi maso. REA, bungwe la boma lopereka magetsi kumidzi, ilipo kuyambira 2003, ikuimika mapolo kupita ku masukulu ndi zipatala zakumidzi. Ku Chitandika kuno kwathu ku Chipangali anaika kagiridi ka sola kodziimira pakokha mu 2019, anthu akumeta ndi mashini, akuwotcherera, akugulitsa zozizira. Makampani a sola ya ngongole, ija umalipira pang'onopang'ono pa foni, afika pafupifupi m'mudzi uliwonse. Koma taonani bwino amene akugwira chiyani. Azimai muwapeza atavala tisheti ya kampani akuyenda khomo ndi khomo kugulitsa nyale, malipiro ake ndi komishoni, ukapanda kugulitsa wagona ndi njala. Muwapeza pa kauntala. Gulu lokumba maenje a mapolo likamanga msasa, muwapeza akuwaphikira nsima. Sindinyoza nchito zimenezi, zimalera ana. Koma chinthu chikaonongeka amene amabwera pa njinga yamoto ndi mita m'manja, amene ali pa malipiro a mwezi, kawirikawiri ndi mnyamata.

Malamulo alipo, ndipo ndi abwino. Kuli lamulo la 2015 lonena za chilungamo ndi kufanana pakati pa amuna ndi akazi. Lamulo la zanchito la 2019 limapatsa mzimai masabata 14 akabereka, ndipo lija tsiku limodzi pamwezi timalitcha Mother's Day lilimo. Mu 2015 unduna wa zamagetsi ndi madzi unali m'manja mwa a Dora Siliya, mwana wa kwathu konkuno ku Petauke. Ndiye pamwamba mzimai akhoza kufika, taona. Koma ine ndimakhala pansi pa makwerero, ndipo pansi pano zimene ndimamva ndi zina. Anzanga makontirakita tikakhala pa shopu ya mawaya amanong'ona kuti mtsikana ukamuphunzitsa mawa atenga mimba, wataya nthawi. Ndimawafunsa kuti nanga anyamata anga awiri aja anathawa pa nthawi imene ndinawafuna kwambiri, anali ndi mimba ya miyezi ingati? Amaseka, koma satenga mtsikana.

Makampani akuluakulu akalengeza nchito pansi amalemba kuti akazi akulimbikitsidwa kufunsira. Zikomo. Koma pamwamba pake alemba kale kuti ukhale utagwirapo zaka ziwiri kapena zitatu. Zaka zimenezo munthu amazitenga kuti? Amazitenga kwa anthu ngati ine, pa chikwama, pa makwerero, pa denga lotentha la malata mu October. Ngati ife a pansi sititenga atsikana, kampani ija idzalandira makalata 100 a anyamata ndi awiri a atsikana, nkumati tinayesetsa koma akazi safuna nchito zotere. Mawekishopu a jenda amachitikira m'mahotela, ndinaitanidwapo kamodzi, tinadya bwino, koma sindinamve wina akufunsa kuti kodi chikwama akunyamula ndani.

Ndisadziyeretse. Miyezi itatu yoyamba kamnyamata kaja ndinkakapatsa K150 pa tsiku, mwana wa mlongo wanga K100. Mumtima ndinkati uyu amadya kwanga, amagona kwanga, komanso ndi wachibale. Koma zoona zake ndi zakuti dzanja linangopereka lokha choncho, ngati ndi mmene ziyenera kukhalira. Anadziwa tsiku lina kamnyamata kaja katamutuma kuti akaikire ndalama pa foni. Sanakalipe. Madzulo titadya anabwera ndi kabuku kake, mmene analemba nchito iliyonse, ndani anawerengera lodi, ndani analumikiza DB, bokosi lija logawa magetsi m'nyumba, ndani anakhoma ndodo ya efi, ija imaloweza moto wosokera mu nthaka, ndani anangogwira makwerero. Anati amalume ndikupempha muone apa, ngati ndalakwitsa mundikonze. Akazi anga anali pa mpando wapafupi akusenda nshawa, sanatukule mutu, anangoti "mwamva?" Ndinabweza zotsala zonse mwezi womwewo, ndipo zinandiwawa ndithu chifukwa zinali zambiri.

Lija vuto la kogona, limene ndinamukanira poyamba, linatha mu mphindi zisanu. Tinapita kukaika sola ya pampu pa sukulu ina chakumalire ndi Mozambique, titafika ndinangofunsa ahedi, iwo anaitana aphunzitsi ena aakazi, mwana anakagona kumeneko, anadya bwino kuposa ife. Zaka zonsezi chinthu chimene ndinkachiona ngati phiri la Kanjala chinali chulu chabe. M'mamawa tinapita kukaonekera kwa amfumu, iye anamanga chitenje pamwamba pa ovolosi, anagwada, anaomba m'manja monga mwa mwambo. Titafika pa saiti anamasula chitenje chija nkuchipinda bwino, kuchiika mu chikwama, nkukwera. Mapanelo kuno timayang'anitsa kumpoto, poti dzuwa lathu limadutsa mbali imeneyo miyezi yambiri makamaka nthawi yozizira, ndipo timawapendeketsa pang'ono kuti fumbi lizitsika ndi mvula. Iye ali pamwamba ndi kampasi ya pa foni, pansi panadzaza azimai amene anabwera kudzatunga madzi, mitsuko ili pansi, manja ali m'chiuno. Ambuya ena okalamba anandikoka malaya nkufunsa kuti mwana wa yani ameneyu, ali ndi amai ake? Ndinati ali nawo. Anati ndipo amulola? Ndinati anamulola. Anakhala chete kanthawi, kenako anati akatsika mumuuze abwere aone wailesi yanga, inaleka kulankhula chaka chatha. Ana a sukulu anayamba kumuitana kuti aZesco, dzinalo lamukakamira mpaka lero ngakhale sanagwirepo nchito ku kampani ya magetsi imeneyo.

Sikuti zonse zili bwino tsopano. Mabuti a sefite a saizi 4 tafunafuna m'tauni monse, mpaka mu salaula, tinapeza saizi 6, amavala masokosi awiri ndi kuika nyuzipepala kutsogolo, ndipo pa makwerero nsapato yaikulu ndi ngozi. Ovolosi anachita kukapereka kwa telala kuti aichepetse. Kuli makasitomala ena mpaka pano akamaliza iye nchito amandiimbira kuti amisiri bwerani mudzangoona ngati zili bwino, ndimapita, ndimayang'ana, sindipeza cholakwika, ndimawalipiritsa ya transipoti. Mnyamata amene akumufuna ukwati ndi wabwino, koma azakhali ake anafunsa kale kudzera kwa ankhoswe ngati mkazi adzapitiriza kugona kutchire akalowa m'banja. Nkhani imeneyo ikadali pa mphasa, ndipo poti malume ndine, idzafika kwa ine. Ulendo uno ndikudziwa mbali imene ndidzakhale. Amai ake nawonso anasiya zonena za nyani kuchokera pamene mwana anawaikira kasola kunyumba, tsopano anthu a m'mudzi amatchajitsa mafoni kwa iwo pa K2.

Panopa akuthamangitsa mapepala a EIZ, bungwe la mainjiniya, kuti azitha kusaina nchito zake yekha, ndipo ndikudziwa kuti akangowatenga andisiya ngati anzake aja. Sabata yatha titatuluka m'tchalitchi mzimai wina anandiimitsa, ali ndi mtsikana wake wa zaka 18 amene anangomaliza giredi 12, ati abambo ndamva kuti mumatenga atsikana. Pakamwa panga panayamba kale kupanga lija yankho lakale lakuti nchito zachepa, ndinalimva likubwera. Mwana wa mlongo wanga anali kumbuyo kwanga, anandidutsa nkumufunsa mtsikana uja kuti umavala saizi yanji. Anati 5. Anati chabwino, ubwere Lolemba pa 06 awazi, usavale siketi, ndipo udye kaye kunyumba chifukwa amalume sagula chakudya msanga.